Thobwa la pa chinkhoswe: ku labu amaliyeza bwanji?

LOLEMBA

Nabanda wa ku Kamwendo: Mwaswera bwanji nonse pa gulu. Ndabwera ndi nkhani yondilemera mumtima. Loweruka ndinaphika thobwa la pa chinkhoswe kwathu kuno, migolo iwiri. Dzulo chakumasana anthu ayamba kutsegula m'mimba, ana angapo ndi akuluakulu omwe, ndipo mwana mmodzi amugoneka ku chipatala. M'mudzi monse dzina lomwe likumveka ndi langa, ati thobwa la Nabanda. Lero pa msika palibe wagula ngakhale botolo limodzi. Ana anga onse aphunzira ndi thobwa lomweli. Latsala m'kachigubu ka malita 5 ndipo ndikufuna likayezedwe, kuti ngati ndinalakwa ndidziwe pomwe ndinalakwira. Ndipite nalo kuti? Nanga kumeneko amaliyeza bwanji?

Mayi a Tadala: Pepani kwambiri achemwali. Mwanayo ali bwanji?

Nabanda wa ku Kamwendo: Amuika dripi, akuti akupezako bwino. Sindinagone usiku wonse.

A Mbewe a pa chiwaya: Pepani mayi. Koma ine ndikuona ngati kuyezetsa ndi kungotaya ndalama. Chakudya choipa chimadziwika ndi fungo, mphuno sinama. Mwalinunkhiza? Ngati likununkhira bwinobwino ndiye kuti ndi nsanje za anthu basi, pakapita sabata aiwala.

Bambo Zulu a zaumoyo: A Mbewe, apo sindikuvomerezani. Tizilombo tochokera m'chimbudzi sitisintha fungo kapena kakomedwe ka chakudya. Chakudya chonunkha munthu amachitaya yekha, chomwe chimagoneka anthu ku chipatala ndi chooneka bwino chija. Mayi Nabanda, choyamba ndi odwala: aliyense amene akutsegula amwe Thanzi pafupipafupi, ana alandirenso zinc, ndipo amene wayamba kufooka, kusanza kosalekeza kapena kuona magazi m'chimbudzi asagone pakhomo. Chachiwiri, thobwa lotsalalo musalitaye, musaligulitse, musapungulepo. Litsekeni ndipo muliike mu firiji, koma osati pa malo oumitsa ayisi. Chachitatu, ndiuzeni zonse zomwe zinadyedwa tsiku limenelo.

Nabanda wa ku Kamwendo: Mpunga, nsima, nkhuku, nyama ya mbuzi, saladi wa kabichi ndi tomato, mafirizesi a ana. Madzi akumwa anali mu diramu lalikulu.

Bambo Zulu a zaumoyo: Mwaona, zoganizira zilipo zambiri, thobwa ndi chimodzi chabe. Mawa m'mawa nkhaniyi ndiifikitsa ku ofesi ya zaumoyo pa Boma ku Mchinji. Za ku labu tifunse mwana wathu Tiyamike, ndi ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ku Lilongwe.

Tiyamike: Zikomo bambo. Amayi Nabanda pepani ndi zomwe zakugwerani. Ndangoweruka kumene, ndilemba pang'onopang'ono ndipo pomwe sipakumveka mundiimitse.

Anthu ambiri amaganiza kuti tikalandira chakudya timaika kadontho pa maikulosikopu n'kuona matenda. Sizitero. Mu thobwa labwinobwino muli mabakiteriya mamiliyoni ambiri, omwe amaliwawasitsa aja, ndipo pa maikulosikopu abwino ndi oipa amaoneka ngati timitengo tofanana. Komanso kachilombo kodwalitsako kamatha kukhala kochepa kwambiri moti kukafufuza mwachindunji kuli ngati kufuna mkanda umodzi mu nkhokwe ya mtedza. Ndiye timachita zomwe amachita munthu amene mbuzi zake zikusowa: sadikira kuona fisi, amayang'ana mapazi ake kuzungulira khola.

Mapazi amenewo kwa ife ndi bakiteriya wotchedwa E. coli. Dzina lake lonse ndi Escherichia coli, potengera dokotala wa ana wa ku Germany, Theodor Escherich, amene anamufotokoza mu 1885. Kwawo kwenikweni ndi m'matumbo a anthu, ziweto ndi mbalame, ndipo mu kachimbudzi kochepa ngati njere ya chimanga amakhalamo mamiliyoni. Tikamupeza mu chakudya chophikaphika, timadziwa kuti chimbudzi cha munthu kapena ndowe za chiweto zafikamo mwanjira ina: manja, madzi, ntchentche, chikho chotungira.

Aphunzitsi Mwale: Ndikutsatira ndi chidwi, ana anga a Fomu 3 amandifunsa zomwezi. Nanga ngati simumuona pa maikulosikopu mumamuwerenga bwanji?

Tiyamike: Timamudzala aphunzitsi, monga mbewu. Timatenga mamililita 10 a thobwa, kapena magalamu 10 ngati ndi chakudya cholimba, n'kuthira mu mamililita 90 a madzi apadera omwe tawaphika mu mphika wa nthunzi wotchedwa autoclave pa madigiri 121 kwa mphindi 15 kuti musakhale kamoyo kalikonse. Chakudya cholimba timachiika m'jumbo yake ndipo makina otchedwa stomacher amachisinja mpaka chisungunuke. Kenako timasungunula mobwerezabwereza ngati mukusungunula Sobo: mililita imodzi mu mamililita 9, kuchoka umo mililita imodzi mu 9 ena, choncho choncho. Tikapanda kutero tizilombo timamera mothinana ngati nazale ya fodya yosapatulira ndipo sitingawerengeke.

Kuchokera mu mlingo uliwonse timathira mililita imodzi mu kambale kokhala ndi agar. Agar ndi phala lolimba ngati jele, lochokera ku zomera za m'nyanja zamchere, ndipo timasakanizamo chakudya chomwe tizilombo ta m'matumbo timakonda pamodzi ndi mankhwala a ndulu oletsa tina kumera. Timbaleto timatiika mu incubator, bokosi lomwe limafungatira ngati nkhuku pa mazira, kutentha kwake kosasintha usana ndi usiku. Bakiteriya mmodzi akapeza pabwino amagawikana pawiri pa mphindi pafupifupi 20 zilizonse. Pofika mawa lake, pomwe panali mmodzi wosaoneka pamakhala kadontho kooneka ndi maso. Timawerenga timadonthoto.

Tiyerekeze kuti mu kambale ka mlingo wosungunulidwa ka 100 mwamera timadontho 40. Ndiye kuti mu mililita imodzi ya thobwa munali pafupifupi 4,000. Pa pepala la zotsatira mudzaona alemba cfu/ml kapena cfu/g, tanthauzo lake ndi lomweli.

Aphunzitsi Mwale: Ku koleji tinkagwiritsa ntchito agar ya MacConkey, timadontho tinkatuluka tofiirira. Ndi yomweyo?

Tiyamike: Ikugwirabe ntchito mpaka pano, yakhalapo zaka zoposa 100. Timadontho tofiirira timasonyeza mabakiteriya odya shuga wa mu mkaka uja wa lactose. Koma apa m'pomwe anthu ambiri amasokonezeka akalandira zotsatira, ndiye ndichedwepo pang'ono.

Pali gulu lalikulu lotchedwa ma coliform. Timawameretsa pa madigiri 35 mpaka 37 kwa maola 24. E. coli ali m'gulu limeneli, koma mulinso ena monga Klebsiella ndi Enterobacter omwe amakhala m'dothi ndi pa masamba popanda chimbudzi chilichonse. Kabichi wongochoka kudimba amakhala nawo ndithu. Choncho pepala likati total coliforms ndi ambiri, pa chakudya chophika zikusonyeza kuti ukhondo unaperewera chitaphikidwa, koma si umboni wa chimbudzi ayi.

Tikakweza kutentha kufika madigiri 44, a m'dothi ambiri amalephera ndipo amatsala opirira kutentha, omwe amalembedwa kuti faecal coliforms. Apa tayandikira, komabe Klebsiella wina amapirira nawo. Ndiye pamafunika kutsimikiza kuti ndi E. coli weniweni. Pa agar yotchedwa TBX iye amatuluka wa buluu wobiriwirako pakatha maola 18 mpaka 24, ena onse amatuluka oyera. Pa ina yotchedwa EMB amanyezimira mobiriwira, ndendende ngati msana wa ntchentche zobiriwira za ku chimbudzi zija. Ukangoona kamodzi suiwala. Palinso kuyesa kwa indole: timadonthezera mankhwala a Kovacs mu chubu momwe wamera, pamwamba pakachita mphete yofiira ndiye kuti ndi iyeyo.

Ma labu ena amagwiritsa ntchito timapepala totchedwa Petrifilm, tokhala ngati khadi, tothiridwa kale zonse. Umangodonthezapo mililita imodzi n'kutseka. Kadontho ka buluu kokhala ndi thovu pambali ndi E. coli, kofiira kokhala ndi thovu ndi coliform wamba.

Mayi a Tadala: Ife pepala lathu lina linalembedwa MPN. Ndi chiyani chimenecho mwanawe?

Tiyamike: Ndi njira ya machubu amayi, yakale koma yabwino pomwe tizilombo tili tochepa kwambiri. Timaika chakudya mu machubu 9 a msuzi wapadera, atatu pa mlingo uliwonse. Mu chubu chilichonse muli kachubu kena kakang'ono kozondoka. Ma coliform akadya lactose amatulutsa mpweya womwe umakodwa m'kachubu kozondokako n'kuoneka thovu. Machubu omwe achita thovu timawasamutsira mu msuzi wina pa madigiri 44 kuti titsimikize, kenako timayang'ana pa tebulo la masamu lomwe limatipatsa chiwerengero choyerekeza. Kuipa kwake imadya masiku, anayi ngakhale asanu.

A Mbewe a pa chiwaya: Ine funso. Ndinamvapo kuti E. coli ameneyu tonse tili naye m'mimba ndipo satidwalitsa. Nde mukumuoperanji?

Tiyamike: Funso labwino amalume. Zoona, mitundu yake yambiri sidwalitsa, ngakhale ilipo ina yoopsa monga O157:H7 yomwe imatsegulitsa magazi ndipo imatha kuononga impso za ana. Koma chachikulu ndi njira. Njira yomwe E. coli wadzera kuchoka m'matumbo kufika mu saladi ndi yomwenso amadzera Salmonella, Shigella wa kamwazi, kachilombo ka taifodi, ka kolera, ngakhale mavairasi a chikasu cha hepatitis A. Lero mwina wadutsa yekha. Tsiku lomwe mu diramu mudzapise dzanja la munthu wodwala adzadutsa ndi anzake.

Bambo Zulu a zaumoyo: Ndipo tonse tinaona ndi maso. Kolera yomwe inayamba mu Malichi 2022 ku Machinga inafika dziko lonse, anthu oposa 1,700 anamwalira, mpaka mu Januwale 2023 sukulu za mu mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa. Nthawi imene ija ogulitsa zakudya zophikaphika m'misika yambiri anaimitsidwa, enanu munakhala pakhomo popanda ndalama. Ine ndikamayenda m'misika n'kumafunsa za mpondagiya ndi sopo, anthu amandiona ngati wovuta, koma ndimakhala ndikukumbukira ma tenti aja.

Mayi a Tadala: Ndiloleni ndilowetsepo yanga, pepani achemwali Nabanda. Ife ku Mkanda kuno gulu lathu limapanga chiponde, tikufuna chidindo cha bungwe loona za miyezo ya katundu la MBS kuti tilowe m'masitolo. Mtedza tinayezetsa za chuku ndipo unapambana. Tsopano akutiuzanso za Salmonella. Ine ndimayesa kuyeza kuja kunali kwa zonse. Chiponde chilibe madzi, mtedza timakazinga, kachilombo kangakhalemo bwanji?

Tiyamike: Ndi kuyeza kuwiri kosiyana amayi. Aflatoxin ndi poizoni wochokera ku chuku, timamuyeza ngati mankhwala, sitimudzala. Salmonella ndi wamoyo, wochokera ku zitosi za nkhuku ndi mbalame, manyi a makoswe ndi abuluzi, ndi anthu omwe. Kukazinga bwino kumamupha, koma mtedza wokazinga ukayanikidwa pa mphasa pomwe nkhuku zikuyenda, kapena ukathiridwa m'thumba lomwe munali wosakazinga, wabwereranso. Mu chiponde sachulukana chifukwa mulibe madzi, koma saferamo, amatha miyezi ali chigonere, ndipo mafuta aja amamuteteza ku asidi wa m'mimba. Ku America mu 2008 ndi 2009 chiponde cha kampani imodzi chinadwalitsa anthu oposa 700 ndipo 9 anamwalira.

Salmonella sitimuwerenga, timangofunsa kuti alimo kapena mulibe mu magalamu 25, chifukwa ngakhale wochepa saloledwa. Timaika magalamu 25 mu mamililita 225 a msuzi wotchedwa buffered peptone water pa madigiri 37 kwa maola pafupifupi 18, kuti wokomoka uja atsitsimuke. Mawa lake timasamutsira kadontho mu msuzi wa RVS pa madigiri 41.5, momwe anzake ambiri amalephera. Tsiku lachitatu timapaka pa agar ya XLD, ndipo tsiku lachinayi timayang'ana timadontho tofiira tokhala ndi diso lakuda pakati. Tikationa pamatsalanso kutsimikiza, masiku ena awiri kapena kuposa. N'chifukwa chake mukamaimba foni tsiku lachiwiri kufunsa zotsatira timati dikirani. Si ulesi, kachilomboko sikafulumizidwa.

Ndipo pa chiponde, kusapezeka kwa E. coli sikutanthauza kuti Salmonella mulibe. Mu zakudya zouma mapazi amatha kufufutika fisi akadali pomwepo. N'chifukwa chake amafuna mayeso onse awiri.

Mayi a Tadala: Zitosi za nkhuku mwanenazo zandigunda mtima. Poziziritsa mtedza timayanika pakhonde.

Aphunzitsi Mwale: Nanga makina a PCR omwe tinkamva nthawi ya Covid sangafulumizitse?

Tiyamike: Amafulumizitsa. Amafufuza DNA ya kachilomboko ndipo kuyezako kumatha maola ochepa, koma pa chakudya timayambabe tameretsa usiku umodzi, ndiye zotsatira zimatuluka mawa lake. Ndi okwera mtengo, ndipo amatha kuonanso DNA ya kachilombo kakufa kale. Pomwe amathandiza kwambiri ndi pa O157 uja, chifukwa iye pa TBX satuluka wa buluu ndipo pa madigiri 44 samera bwino, kuyeza kwa masiku onse kumamuphonya.

Nabanda wa ku Kamwendo: Mwanawe ndamva ndipo ndathokoza. Ndiye mawa ndikwere minibasi ndi chigubu changa?

Tiyamike: Amayi, ndikuuzeni zoona ngakhale zili zowawa. Thobwa lanulo latha masiku awiri ndipo lawawasa. Kuwawasako kumapha E. coli pang'onopang'ono. Tikhoza kuyeza osamupeza, chonsecho Loweruka analimo. Tikhozanso kumupeza, koma atalowa pa chinkhoswe pomwepo kudzera mu makapu ndi zotungira, osati pa moto panu. Chigubu chimenecho pachokha sichingakuyeretseni, sichingakutsutseninso.

Nabanda wa ku Kamwendo: Ndiye phindu lake n'chiyani? Ine ndimayesa ndikabwera ndi pepala loti ndikaonetse anthu kwa amfumu.

A Mbewe a pa chiwaya: Si zomwe ndimanena zija.

Bambo Zulu a zaumoyo: Mayi musataye mtima. Phindu lilipo, kungoti sitiyeza chigubu chokha, timatsata njira yonse. Ife timayamba ndi kufunsa odwala ndi osadwala omwe kuti anadya chiyani ndipo anayamba nthawi yanji. Nthawi imanena zambiri. Munthu akasanza pasanathe maola 6 timaganizira poizoni wa mu mpunga wogonera kapena wa tizilombo ta pa khungu la wophika, zomwe si za chimbudzi n'komwe. Akayamba patatha tsiku, ndi kutsegula ndi kutentha thupi, timaganizira za m'chimbudzi monga Salmonella. Ngati alipo odwala omwe sanamwe thobwa, nkhani yasintha kale. Komanso ku chipatala akatenga chimbudzi cha mwanayo n'kuchidzala, chomwe chidzameremo ndi chomwe tiyenera kuchifuna mu zakudya.

Tiyamike: Ndendende. Ndipo chigubucho chibwere ndithu, koma chibwere ndi anzake: madzi a pa mjigo, madzi a mu diramu lija ngati atsala, thobwa latsopano lomwe muphike monga mwa masiku onse, ndi mabotolo angapo omwe mumagulitsiramo mutawatsuka mmene mumatsukira. Apo tidzaona pomwe njira yatseguka.

Kanyamulidwe n'kofunika kuposa makina athu onse. Madzi asatungidwire mu botolo la Fanta lotsuka pakhomo, a Zulu ali ndi mabotolo ophikidwa kale. Ngati madziwo ndi othira klorini, botolo lake limakhala ndi mankhwala a sodium thiosulphate ozimitsa kloriniyo, apo ayi imapitiriza kupha tizilombo mumsewu ndipo ife timalemba kuti madzi ndi abwino. Pakamwa pa botolo ndi mkati mwa chitsekerero musagwirepo. Chilichonse chilembedwe dzina, malo, tsiku ndi nthawi. Zonse zilowe mu cooler box ya ayisi, zizizire koma zisaume. Madzi amafunika afike pasanathe maola 6, akachedwetsetsa 24. Kuchoka pa Boma kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 110, mukanyamuka m'mamawa zimatheka bwinobwino. Chigubu chopanda ayisi chikakhala pa injini ya minibasi maola atatu, chomwe tidzayeze ndi ulendowo osati thobwa lanu. Muyambe mwaimba ku labu kufunsa mtengo ndi tsiku, ndipo pewani Lachisanu.

Aphunzitsi Mwale: Madzi nawo mumadzala chimodzimodzi?

Bambo Zulu a zaumoyo: Amenewo ndingayankhe ndine, timayeza ngakhale kumudzi ndi bokosi lonyamula la DelAgua lomwe lili ndi incubator ya batire. Timasefa mamililita 100 pa kapepala kozungulira kokhala ndi timabowo ting'onoting'ono ta 0.45 micron, mabakiteriya sangadutse. Kapepalako timakagoneka pa kathonje konyowa ndi msuzi wake, pa madigiri 44 kwa maola pafupifupi 18, kenako timawerenga timadontho tachikasu. Muyezo wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndi woti mu mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke E. coli ngakhale mmodzi. Palinso timabotolo ta H2S totsika mtengo: umathiramo madzi n'kusunga m'nyumba tsiku limodzi kapena awiri, akada bii ndiye kuti pali vuto. Nthawi zina amada ndi tizilombo ta m'dothi chabe, choncho ndi chenjezo osati chigamulo. Koma pa msonkhano wa m'mudzi palibe chophunzitsa ngati botolo limenelo. Munthu akaona madzi a pa chitsime chake omwe dzulo anali mbee atada ngati makala, sufunikanso kulankhula.

LACHIWIRI

Nabanda wa ku Kamwendo: A Zulu ndi anzawo anabwera, afunsa makomo ambiri. Apeza kuti agogo ena awiri omwe adwala samwa thobwa n'komwe chifukwa cha matenda a shuga, koma anadya saladi ndi kumwa madzi. Ndakumbukiranso china chomwe dzulo sindinachiganize. Anthu atachuluka, amayi operekera anaona kuti thobwa lichepa ndipo mgolo wachiwiri anausungunula ndi madzi a mu diramu. Ine ndinaona ndi maso koma sindinaletse, ndinaopa kuoneka wovuta pa chinkhoswe cha eni. Ndipo anyamata otunga madzi avomera kuti pa mjigo panali mzere wautali, ndiye maulendo ena ankatunga pa chitsime cha kudambo. Kabichi anatsukiranso omwewo.

Mayi a Tadala: Mayo ine. Chitsime cha kudambo ng'ombe zimamwera pomwepo.

Bambo Zulu a zaumoyo: Masampulo tatenga: mjigo, chitsime, madzi otsala pansi pa diramu, thobwa lakale, ndi mabotolo asanu otsuka. Latsopano mayi aphika usiku uno, titenga m'mamawa n'kunyamuka. Saladi sanatsale. Chitsime tauza amfumu kuti chiyambe chaima ndipo makomo onse tawagawira klorini.

A Mbewe a pa chiwaya: A Zulu ndinene mosabisa. Chomwe ife timaopa si labu ayi, ndi zomwe zimatsatira. Munthu ukapereka saladi wako ndi manja ako, akapezamo kanthu mawa lake akubwera kudzakugwetsera chiwaya. Amene sanayezetse akupitiriza kugulitsa. Ndiye wachilungamo ndi amene amalangidwa. Mayi Nabanda ali ndi mtima, ine sindingathe.

Bambo Zulu a zaumoyo: Nkhawa yanu ndi yomveka ndipo sindingakulonjezeni m'malo mwa aliyense. Chomwe ndinganene ndi mmene ine ndimagwirira: wobwera yekha ndimakhala naye pansi n'kukonza naye. Kabichi wanu mumatsukira madzi ati?

A Mbewe a pa chiwaya: A pa mpope, mu beseni. Beseni limodzi limakwana tsiku lonse chifukwa madzi timagula pa ndowa.

Tiyamike: Amalume, chipisi chanu chimachoka mu mafuta owira, mulibe kanthu. Vuto limakhala saladi amene mumaika pamwamba ndi dzanja lomwe lalandira ndalama. Malangizo a ku Britain a zakudya zodyeratu amati E. coli akhale osafika 20 pa galamu, akapitirira 100 chakudyacho n'chosavomerezeka. Beseni la tsiku lonse lingapitirire pamenepo mosavuta. Ngakhale musayezetse, madzi otsukira kabichi akhale ake okha, othira WaterGuard monga alembera pa botolo n'kudikira mphindi 30, ndipo saladi muzitapa ndi chipande.

A Mbewe a pa chiwaya: Chipande ndigula. Zoyezetsazo ndiyambe ndaona mmene ziwathere mayiwa.

LOLEMBA LINALO

Nabanda wa ku Kamwendo: Abale zotsatira zabwera, a Zulu andiwerengera. Madzi a pa mjigo alibe kanthu. Chitsime cha kudambo ndi madzi a mu diramu, E. coli wochuluka moti akuti sanathe kuwerenga. Thobwa lakale sanapezemo E. coli ngakhale Salmonella. Latsopano lochoka pa moto panga sanapezemonso. Koma mabotolo anga otsuka, atatu mwa asanu apezamo E. coli.

Mayi a Tadala: Tithokoze Mulungu achemwali, thobwa lanu layera!

Tiyamike: Amayi a Tadala, tiwerenge mosamala. Lochoka pa moto layera, zimenezo n'zoona ndipo amayi Nabanda angazinene poyera. Lakale lija, monga ndinanenera, kusapezamo kanthu patatha masiku anayi likuwawasa sikutiuza mmene linalili Loweruka litathiridwa madzi a mu diramu. Zala zonse zikuloza madziwo, ndipo iwo analowa mu saladi, mu makapu, ndi mu mgolo wachiwiri womwe.

Nabanda wa ku Kamwendo: Ndamva mwanawe, ndipo sindikufuna kudzibisa kuseri kwa pepala. Chandiswa mtima kwambiri ndi mabotolo. Pa chinkhoswe sitinagwiritse ntchito mabotolo, tinkatunga ndi makapu. Ndiye kuti awa ndi a pa msika, omwe ana a sukulu amagula tsiku lililonse. Ndimagula kwa anyamata otola, ndimatsuka ndi sopo mu beseni limodzi kuyambira loyamba mpaka lomaliza, n'kutsukuluza kamodzi. Ndimayesa sopo akwana. Ndiziwathira madzi owira?

Bambo Zulu a zaumoyo: Owira amakwinyitsa mabotolo a pulasitiki. Tsukani ndi sopo ndi kabulashi kofika pansi, tsukuluzani ndi madzi oyenda kuchoka mu ndowa ya kampope osati oviika, kenako amizeni mu madzi a klorini kwa mphindi 30 pamodzi ndi zitsekerero zake, chifukwa m'mizere ya chitsekerero ndi momwe mumabisala zambiri. Muwazondotse pa thandala aume okha, osapukuta ndi nsalu. Otoledwa m'ngalande ndi kudzala asiyeni, ngakhale atsike mtengo. Mlingo wa klorini ndidzakuonetsani ndi manja Lachitatu ndikamabwera kudzaona chitsime.

Aphunzitsi Mwale: Mwana uja anatuluka?

Nabanda wa ku Kamwendo: Anatuluka Lachinayi, dzulo ndamuona akusewera. Amayi ake sanandilankhulebe. Madzulo ano ndipita ndekha kukawauza zonse, za chitsime, za mgolo womwe ndinaona ukuthiridwa madzi osaletsa, ndi za mabotolo zomwe. Kwa amfumu tikumana Lachitatu a Zulu akabwera. Tiyamike, ndikasintha katsukidwe ndingatumizenso mabotolo ena?

Tiyamike: Tumizani amayi. Mutsuke mwa njira yatsopanoyo kwa masabata awiri kuti izolowereke, kenako a Zulu asankhe okha asanu pa thandala tsiku lomwe simukuwayembekezera, ndi awiri othira kale thobwa omwe akhala pa msika kuyambira m'mawa. Amayi a Tadala, ngati chiponde chanu chikubwera ulendo womwewo, chikhale mabotolo osatsegula ochokera mu miphiko yosiyana, osati onse a tsiku limodzi.

Mayi a Tadala: Tikonza atatu a miphiko itatu. Khonde lija tatchinga kale ndi waya wa nkhuku. A Zulu mutiuze tsiku, cooler box tibwereka kwa a mafirizesi.